Kodi mtengo wa mango ungatiuze ngati pansi pa nyumba pali poizoni wa dirayi kilini?

Amayi, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwanena kuti mukhala m'nyumba ya lendi cha ku Kapata, kuseri kwa mpanda wanu kuli nyumba yomwe kale inali dirayi kilini kwa zaka zambiri kenaka anthu ena anaikamo garaji, ndipo madzi onse otsukira ankangowathira pa dzenje kumbuyo komweko. Pabwalo panu pali chitsime chokumba pamanja ndi mtengo waukulu wa mango womwe alandilodi afuna kudula, mwana wanu wamkazi ndi woyembekezera ndipo agona chipinda chakumbuyo chomwe simenti yake inang'aluka, manje mdzukulu wanu wa ku koleji wakuuzani kuti kunja amaboola mitengo kuti adziwe ngati pansi pali poizoni, ndiye mufuna kudziwa ngati nzoona kapena mwanayo angokamba za m'mabuku.

Mwanayo sananame ayi, nzoona. Koma ndisanafike pa mtengo ndiyambe ndi chitsime chifukwa ndi chimene chandidetsa nkhawa kwambiri. Madzi a m'chitsime chimenecho lekani kumwa, lekani kuphikira, olo kusambira makamaka mwana woyembekezerayo, mpaka atapimidwa. Tungani pa kiyosiki kapena pa mpopi wa Eastern Water, ndidziwa ndi ndalama koma chitani tero. Ndipo musanene kuti tiziwiritsa kapena tithiremo Klorin, zimenezo zimapha tizilombo ta kolera ndi m'mimba, mankhwala amene tikamba pano si tizilombo. Mukawiritsa madzi otere m'khitchini yotseka mankhwalawo amachoka m'madzi zoona koma amalowa mu mpweya womwe inu mupuma mutaimirira pa mbaula pomwepo.

Mankhwala ake ndi awa. Makina ambiri a dirayi kilini amachapira suti ndi mankhwala otchedwa perc, m'mabuku amalemba PCE. Mnzake ndi TCE, ameneyu ankagwiritsidwa ntchito kwambiri kutsukira girizi pa zitsulo m'mafakitale ndi m'mawekishopu. Onse awiri aoneka ngati madzi, alibe mtundu, koma ndi olemera kuposa madzi, lita imodzi ya perc ilemera pafupifupi makilo 1.6 pamene lita ya madzi ndi kilo imodzi. Apa ndiye pali vuto lonse. Petulo ndi dizilo zikatayikira pansi zimayandama pamwamba pa madzi a pansi, koma perc amamira, amapitirira madziwo mpaka akakhale pa dongo kapena alowe m'ming'alu ya thanthwe, ndipo kuno ku Chipata pansi pathu ndi miyala yong'aluka yokhayokha. Akakhala pamenepo amasungunuka pang'onopang'ono kwa zaka makumi, madzi alionse odutsa pamenepo amatengako pang'ono nkumapita nawo kumunsi komwe madzi apita. Ku America malire ovomerezeka m'madzi akumwa ndi mamaikulogalamu 5 pa lita (maikulogalamu imodzi ndi gawo limodzi la galamu yogawidwa miliyoni), kwa PCE ndi TCE yemwe, ndiye mukachita masamu mupeza kuti lita imodzi chabe ya perc ingathe kuononga madzi opitirira malita 300 miliyoni. Chigubu chimodzi chothiridwa pa dzenje si nkhani yaing'ono.

Za matenda ndisakubiseni komanso ndisakuopsezeni. Bungwe lofufuza za khansa la IARC, lomwe lili pansi pa WHO, linaika TCE m'gulu la zinthu zodziwika kuti zimayambitsa khansa, makamaka ya impso, ndipo perc anaikidwa m'gulu lotsatira, la zinthu zomwe zioneka kuti zimayambitsa khansa koma umboni wake pa anthu sunakwanire. Tikamba za kupuma kapena kumwa tsiku ndi tsiku kwa zaka, osati kungodutsapo kamodzi. Pa TCE pali nkhawa ina yapadera ya amayi oyembekezera, yokhudza mtima wa mwana m'miyezi yoyambirira ya mimba, akatswiri amatsutsanabe za kukula kwa ngoziyo koma ine ndikanakhala inu sindikanadikira kuti amalize kutsutsana. Ku Camp Lejeune, malo a asilikali ku North Carolina, mabanja anamwa madzi okhala ndi mankhwala awiriwa kuyambira 1953 mpaka 1987, ndipo gawo lina la perc linachokera pa dirayi kilini imodzi yaing'ono yomwe inali kunja kwa kampuyo. Mu Disembala 2024 bungwe la EPA loteteza chilengedwe ku America linalengeza malamulo oletsa TCE ndi kuchotsa perc pang'onopang'ono mu madirayi kilini.

Manje tibwere pa mtengo wanu. Mtengo umamwa madzi tsiku lonse, mizu ikoka, madzi akwera m'thunthu, atulukira m'masamba. Mtengo waukulu nthawi ya chilimwe ungathe kukoka malita mazana pa tsiku. Ngati m'madzi a pansi kapena mu mpweya wa m'dothi muli perc, mizu simasankha, mankhwalawo amalowa nawo nkumamatira pang'ono m'thabwa la mkati. Ndiye mtengo uli ngati pampu yomwe yakhala ikupopa pamalo pomwepo zaka 20 kapena 30 popanda wina kulipira, ndipo mizu yake yafalikira m'dothi lalikulu kuposa limene chitsulo chobowolera chingakhudze. Amene anaonetsa bwino zimenezi ndi Don Vroblesky wa bungwe la USGS la ku America lofufuza za nthaka ndi madzi, mu 1999 iye ndi anzake analemba za mitengo ya m'dambo ku Savannah River Site ku South Carolina, anapeza kuti mankhwala a m'madzi a pansi aonekanso m'thunthu la mitengo yomera pamwamba pake. Kenaka gulu la Joel Burken ku yunivesite ya Missouri S&T linapititsa ntchitoyi patsogolo. Kutauni ya York ku Nebraska, komwe madzi a pansi anaonongeka ndi perc, anatenga zitsanzo m'mitengo yoposa 100 nkuyerekeza ndi zomwe zinapezeka pansi pa simenti ya nyumba ndi mu mpweya wa m'nyumba, ndipo anaona kuti pomwe mitengo ili ndi perc wambiri ndi pomwenso nyumba zoyandikana nazo zinali ndi vuto. Chimene ine chimandisangalatsa pa zotsatira zija nchakuti mitengo inagwirizana bwino ndi miyeso ya nthawi yaitali, chifukwa mpweya wa m'nyumba umasinthasintha, lero wakwera mawa watsika, koma mtengo umasunga ngati chiwerengero cha masabata ambiri.

Kachitidwe kake nkosavuta kuona ndi maso. Pali kachitsulo kamene anthu a za nkhalango amagwiritsa ntchito poona zaka za mtengo, dzina lake increment borer, kali ngati paipi yopyapyala yokhala ndi mano kutsogolo ndi chogwirira chopingasa. Mumaima pafupi ndi thunthu, mumaloza pa msinkhu wa chifuwa, pafupifupi mita imodzi ndi theka kuchokera pansi, nkuyamba kupotokola. Poyamba kamakana pa khungwa, muyenera kutsamira ndi thupi lonse, kenaka kakagwira mumamva kulira kwii kwii pa kutembenuza kulikonse. Mukalowa masentimita 8 kapena kuposerapo pang'ono mumalowetsa kasupuni kake kopyapyala, mubweza chogwirira kamodzi kuti thabwa lithyoke mkati, nkusolola. Chimatuluka ndi kamtengo konyowa konenepa ngati mamilimita 5, kochepera pensulo. Apa ndiye pofunika changu, masekondi ochepa chabe kayenera kukhala katalowa m'kabotolo ka galasi ka mamililita 20 nkutsekedwa ndi chivindikiro chosatulutsa mpweya, chifukwa mankhwalawa amauluka msanga, mukayamba kucheza nako m'manja kapena kuonetsa aneba ndiye kuti zapita. Mango ali ndi utomoni womata, ine tsiku loyamba kuboola mango ndinapeza kachitsulo katatsekeka pa mtengo wachitatu ndipo zala zanga zinayabwa mpaka madzulo, choncho kachitsuloko kayenera kutsukidwa pa mtengo uliwonse, osati chifukwa cha utomoni chabe komanso kuti za mtengo uno zisapite pa zotsatira za mtengo winawo. Kubotolo kuja mankhwala amatuluka m'thabwa nkudzaza kampata ka mpweya kali pamwamba, mawa lake ku labu amakoka mpweya umenewo nkuulowetsa m'makina otchedwa gas chromatograph omwe amasiyanitsa kuti uyu ndi PCE, uyu ndi TCE, uyu ndi DCE amene amabadwa awiriwa akamaphwanyika pansi.

Mtengo sufa ndi kabowo kameneko, umadzitsekera wokha.

Ubwino waukulu wa njira imeneyi ndi liwiro ndi mtengo wake wa ndalama. Anthu awiri angathe kuboola mitengo makumi angapo tsiku limodzi, komboni yonse, popanda galimoto yobowola, popanda kuswa simenti ya munthu, popanda kulowa kuchipinda kwa munthu. Inu mudziwa ndalama zomwe zimapita pokumba borehole imodzi kuno, tsono ganizani kukumba 10 kungofuna kudziwa kuti poizoni wapita mbali iti. Mitengo ikapimidwa yambiri mumajambula pa mapu, apa pali wambiri, apa pang'ono, apa palibe, ndipo kawirikawiri mumaona mzere ngati mchira wochokera pomwe ankathira kupita kumunsi. Ku Chipata tazingidwa ndi mapiri, madzi a pansi amatsetsereka kulowera ku timitsinje ngati Lunkhwakwa, ndiye funso loyamba lomwe ndingafunse nditafika panu ndi lakuti mvula ikagwa madzi achoka ku dzenje lija kubwera kwa inu kapena achoka kwa inu kupita uko. Ngati muli kumunsi nkhawa ndi yaikulu. Ngakhale mtengo umodzi womwewo umasiyana mbali, mbali yoyang'ana komwe kuli poizoni nthawi zambiri imakhala ndi wochuluka chifukwa mizu ya mbali imeneyo ndi imene imadyetsa thunthu la mbali yomweyo, nchifukwa chake pa mango wanu ine ndingaboole kawiri, mbali ya mpanda ndi mbali ya nyumba.

Koma amayi apa mumvetsetse bwino chifukwa ndi pomwe anthu ambiri amalakwitsa. Mtengo ukaonetsa perc, nthawi zambiri ndiye kuti pansipo alipo ndithu. Koma mtengo ukaonetsa zilo, sizitanthauza kuti pansi mpoyera. Mwina mizu sinafike pomwe pali poizoni, mizu yambiri ya mtengo ili m'mamita ochepa apamwamba ndipo ngati madzi oipawo ali pansi kwambiri mtengo sungawamve. Mwina mtengowo umamwa madzi a ku bafa kapena a paipi yodontha ndiye sufuna za pansi. Mwina mwaboola mu Febuluwale mvula ili pakati, dothi lakhuta madzi oyera a kumwamba ndipo zonse zasungunuka. Nthawi yabwino kuno ndi Seputembala ndi Okutobala, dzuwa lili phwee, pamene mtengo ulibe kwina kopeza madzi koma pansi. Ndipo uyenera kukhala mtengo umene uli ndi masamba nthawi imeneyo. Mango ndi wabwino pa ichi chifukwa sayoyola, bulugamu nayenso ngwabwino chifukwa amamwa kwambiri ndipo mizu yake imapita patali, mkuyu wa m'mbali mwa mtsinje chimodzimodzi. Malayina amayoyola masamba chilimwe ndiye amakhala ngati wagona, sakoka madzi. Msangu ndi wosiyana ndi yonse, umayoyola dzinja nkuphuka chilimwe, mizu yake ndi yakuya, ukanakhala pafupi ndi nyumba yanu ndikanayambira pa iwo. Nthochi ndi mapapaya ayi, zimenezo zilibe thabwa lenileni ndipo mizu yake ndi yapamwamba. Komanso simungayerekeze nambala ya mango ndi nambala ya bulugamu ngati kuti ndi sikelo imodzi, mitundu imasunga mosiyana.

Chinanso, pa nkhani ya garaji ija. Magaraji athu ambiri amatsukira zitsulo ndi petulo, dizilo kapena parafini, ndipo zimenezi mtengo suzionetsa bwino chifukwa tizilombo ta m'dothi timazidya zisanafike patali ngati m'dothimo muli mpweya wabwino. Ndiye zotsatira za mtengo zizakamba kwambiri za nthawi ya dirayi kilini, ngakhale mabotolo ena opopera otsukira mabuleki amakhalanso ndi perc. Za oilo ndi petulo ziyenera kufufuzidwa m'madzi a chitsime mwachindunji. Ndipo musasokoneze ndi nkhani ya mtovu ya ku Kabwe, uko vuto ndi fumbi ndi dothi lapamwamba, mtovu suuluka ngati nthunzi, mapimidwe ake ndi ena.

Tsono poizoni wa pansi amalowa bwanji kuchipinda? Mankhwalawa amasanduka nthunzi pansi pomwepo, nthunziyo ikwera m'timipata ta dothi, panja imangomwazika ndi mphepo koma pansi pa nyumba imaunjikana chifukwa simenti yaphimba, ndiye imafuna potulukira. Potulukira pake ndi mng'alu wa simenti ngati umene mwanenawo, polumikizira khoma ndi pansi, pomwe paipi ya madzi kapena ya chimbudzi yalowera, ndi direni ya ku bafa ngati ilibe kokhota kosunga madzi. Mapaipi a zonyansa amatha kunyamula nthunziyi kuchokera patali ndithu. Nyumba zathu zili ndi mwayi umodzi poyerekeza ndi za ku Nebraska, tilibe zipinda zapansi pa nthaka ndipo masana zitseko zimakhala zotsegula. Koma mu Juni ndi Julayi kukazizira timatseka zonse, ena amatseka ndi timabowo ta mpweya ta pamwamba pa windo ndi nyuzipepala, mkati mwafunda kunja kwazizira, mpweya wofunda ukwera nkutulukira kudenga ndipo nyumba imakoka wina kuchokera pansi. Ndipo ambiri timagona pa matiresi kapena mphasa pansi penipeni, mphuno pafupi ndi mng'alu maola 8 usiku uliwonse. Ichi chimandivutitsa mtima kwambiri chifukwa ogona pansi nthawi zambiri ndi ana.

Musadalire mphuno. Perc ali ndi kafungo kotsekemera ngati ka suti yongochoka ku dirayi kilini, koma kuti mumve fungo mulingo wake uyenera kukhala wokwera kwambiri kuposa umene umadetsa nkhawa pa kupuma kwa zaka. Chipinda chingathe kukhala chopanda fungo lililonse nkukhalabe ndi vuto.

Ndiye mtengo ukaonetsa kuti alipo, chotsatira ndi kupima nyumba yeniyeniyo, amaboola kabowo kakang'ono pa simenti nkukoka mpweya wa pansi pake, ndipo m'chipinda amaikamo chitini chapadera chokoka mpweya kwa maola 24 kapena kachubu kokhala masiku angapo, kawiri pa chaka, nthawi yozizira ndi yotentha. Asanapime amachotsa m'nyumba zinthu monga guluu, thina, penti ndi zovala zochokera ku dirayi kilini kuti zisasokoneze. Mtengo ntchito yake ndi kuloza nyumba zoyambira, kuti ndalama zochepa zomwe zilipo zipite pomwe pali ngozi.

Za zipatso mwina mudzafunsa. Ku Hill Air Force Base ku Utah anapima kwa zaka zitatu zipatso za mitengo yomera pamwamba pa madzi okhala ndi TCE, m'thunthu ankampeza koma m'zipatso pafupifupi zonse sanapezeke, chifukwa mankhwalawo amatulukira m'khungwa akamakwera, nchifukwa chakenso timaboola pansi osati kunthambi. Choncho mango anu si amene andidetsa nkhawa, atsukeni ndi madzi a pa mpopi. Ndipo alandilodi muwapemphe mwaulemu kuti asadule mtengowo, muwauze kuti ukadulidwa njira yotsika mtengo yodziwira zomwe zili pansi pa nyumba yawo yapita, ndipo nawonso nkhaniyi iwakhudza chifukwa nyumba ndi yawo.

Kopita ndi uku. Pitani ku ofesi ya zaumoyo ya Chipata City Council mukapereke dandaulo lolemba, osati la pakamwa chabe, ndipo kalata yomweyo ipitenso ku ZEMA, iwo ndi amene lamulo la Environmental Management Act la 2011 linawapatsa udindo pa kuonongeka kwa nthaka ndi madzi, ndipo lamulolo limatsatira mfundo yakuti woononga ndiye alipire. Za madzi a pansi ndi zitsime WARMA, bungwe la boma loyang'anira madzi, nayo ikhudzidwa. Mukalemba musangonena kuti madzi ndi oipa, tchulani kuti panali dirayi kilini ndipo mupempha kuti apime PCE ndi TCE, chifukwa kupima kwa masiku onse kumangoona tizilombo, mchere ndi zitsulo, pepala libwera lolembedwa kuti madzi ali bwino pamene mankhwalawa sanawafune nkomwe. Madzi opimira izi amatungidwa m'kabotolo ka galasi kodzaza mpaka pakamwa popanda kathovu ka mpweya olo kamodzi, nkusungidwa mu ayisi, mukaona wina abwera ndi botolo la pulasitiki la madzi akumwa mudziwe kuti zotsatira zake sizidzathandiza. Mdzukulu wanu uja angathe kufunsa ku UNZA kapena ku Copperbelt University kwa aphunzitsi a za madzi ndi nkhalango, kachitsulo kobowolera kamapezeka kwa anthu a nkhalango ndipo ntchito ngati iyi ingakhale pulojekiti yabwino ya wophunzira. Ndipo musapite nokha, kambani ndi aneba onse a kumunsi kwa dzenje lija amene ali ndi zitsime, funsani akuluakulu amene anakhalapo kale kuti migolo inkasungidwa pati, ankathira pati, zaka ziti, mulembe. Anthu 15 osaina kalata imodzi amamveka kusiyana ndi mayi mmodzi.

Pamene mudikira, lero lomwe mwana woyembekezerayo asamukire chipinda chakutsogolo, kutali ndi mpanda, ndipo agone pa bedi osati pansi, ku sikelo akawauze anamwino za nkhaniyi kuti ilembedwe m'khadi lake. Mng'alu uja muukolope bwino, muutseke ndi simenti yosakaniza mwamphamvu ndipo m'mbali mwa mapaipi muike silikoni, timabowo ta mpweya mutsegule tonse olo kuzizire, windo likhale lotsegukako pang'ono usiku, neti ilipo ya udzudzu. Chitsime muchiphimbe ndi kumanga kuti ana asatungemo. Mukatha, yendani pabwalo panu ndi pa aneba ndi kope, mulembe mitengo yonse yomwe thunthu lake ndi lonenepa kuposa ntchafu ya munthu wamkulu, mtundu wake, ndi mapazi angati kuchokera pa mpanda uja, munditumizire pamodzi ndi kuya kwa madzi m'chitsime chanu mwezi uno, ndizakuuzani mitengo yoyambira kuboola Okutobala akafika.